Chibaba cha mowa chikakugwirani madzulo: mawu kwa amene mwangosiya kumene



Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene timaikamba monong'ona, penanso sitiikamba n'komwe. Pakati pathu achinyamata achisilamu alipo amene akumwa mowa, ndipo alipo ena amene asiya sabata yomwe ino. Ndikulembera inu a gulu lachiwirili. Munalapa, munataya botolo, munasamba n'kuswali rakaa ziwiri misozi ili m'maso. Koma pofika tsiku lachitatu, dzuwa likamapendeka, kukhosi kukuuma, mtima ukuthamanga, miyendo ikufuna kukutengerani kuja munazolowera. Zoti mowa ndi haraam mukuzidziwa kale. Funso limene lili mumtima mwanu ndi lakuti: nanga chibabachi ndichite nacho bwanji?

Kwathu kuno mowa suchita kusakidwa. Mukatsika minibasi pa Mpingu kapena pa Namitete mumsewu wa ku Mchinji, mukafika pa Nsaru tsiku la msika, pa Kabudula kaya pa Nambuma, fungo limakupezani lokha. Kumudzi kuli kachasu ndi masese, pa tauni pali chibuku ndi timabotolo totchipa tija. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unabwereranso m'timabotolo tokwana m'thumba la buluku. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu April, ndalama za soya ndi mtedza zikayamba kuyenda, malo omwera amadzaza usana ndi usiku. Komanso Asilamu kuno ndife ochepa. Anzathu amene tinakula nawo, amene timaima nawo pa siteji ya kabaza, kwa ambiri a iwo mowa umapezeka pa ukwati, pa maliro ndi pa chiliza. Ndiye m'bale amene wasiya mowa kuno amakumana nawo maso ndi maso kangapo pa tsiku. Tisamapeputse nkhondo yake.

Choyamba chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: chibaba pachokha si tchimo, ndipo si chizindikiro choti Allah wakana tawba yanu. Shaytwani amakonda kulowera pamenepa. Amakuuzani kuti, "Ukanakhala kuti unalapadi zenizeni, bwenzi sukuulakalakanso. Ndiwe wachiphamaso, ingomwa basi." Limeneli ndi bodza. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadith ya Abu Hurayra (RA) yotiphunzitsa kuti Allah sawerengera ummah uno zimene mtima ukunong'oneza, bola munthu asanazichite kapena kuzilankhula. Mulinso hadith ya Ibn Abbas (RA) yofotokoza kuti munthu akalinga kuchita choipa kenako n'kuchisiya, chimalembedwa kwa iye ngati chabwino chathunthu, ndipo ma ulamaa amati uku ndi kusiya chifukwa cha Allah. Taganizani bwino. Ngati lero chibaba chakugwirani kasanu, inu n'kukana kasanu chifukwa cha Allah, simunataye tsikulo. Mwakolola zabwino zisanu zimene mnzanu amene sanalawepo mowa sanazipeze pa khomo limeneli.

Allah amene anatilenga amadziwa mmene mowa umagwirira munthu. Onani mmene lamulo lake linabwerera ku Madina. Mu Surat Al-Baqarah ndime 219 anthu anauzidwa kaye kuti kuipa kwa mowa ndi njuga kumaposa phindu lake. Mu Surat An-Nisaa ndime 43 analetsedwa kuyandikira swala ali oledzera. Pomaliza, mu Surat Al-Maidah ndime 90 ndi 91, anauzidwa kuutalikira kotheratu. Mayi athu Aisha (RA) anafotokoza kuti zimene zinayamba kutsika ndi nkhani za Jannah ndi Moto, ndipo malamulo a halaal ndi haraam anabwera mitima itakhazikika kale m'Chisilamu. Iwo anati kuletsa mowa kukanakhala koyambirira, anthu akanakana kuusiya. Tsiku limene lamulo lomaliza linalengezedwa, Anas bin Malik (RA) anali kuthirira alendo chakumwa cha tende m'nyumba ya Abu Talha (RA), ndipo anauzidwa kukachikhuthula panja, mowa n'kuyenderera m'misewu ya Madina.

Musandimve molakwika. Lamuloli linatha kutsika, palibe amene angati "ine ndidakali pa ndime ya Al-Baqarah". Phunziro lake ndi lakuti maswahaba, anthu abwino kuposa ife, anakonzedwa mtima ndi ndondomeko ya tsiku lawo asanakhuthule mitsuko. Inunso mukufunika kukonzekera. Kungonena kuti "ndasiya" popanda dongosolo kuli ngati kufesa nazale ya fodya osaganiza kotunga madzi.

Kukonzekerako kumayamba ndi kudziwa zimene zikuchitika m'thupi mwanu. Mowa umagonetsa ubongo. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka, ubongo umazolowera kugwira ntchito mothamanga kuti ulimbane ndi kugonetsedwako. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, kuthamangako kumatsala kopanda choletsa. N'chifukwa chake pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, nseru imabwera, tulo timasowa, mtima umadzaza ndi nkhawa. Kwa ambiri zimenezi zimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, n'kumachepa sabata ikamatha.

Koma apa mvetserani bwino, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Kwa munthu amene ankamwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka kachasu kapena mowa wa m'timabotolo, amene ankadzuka m'mawa akunjenjemera mpaka atalawa kaye, kusiya mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba n'koopsa. M'masiku awiri oyambirira akhoza kugwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi akhoza kusokonezeka mutu, kutentha thupi, kumaona njoka kapena anthu amene palibe. Madokotala amazitcha delirium tremens, ndipo zimapha munthu akapanda kuthandizidwa. Kumudzi zikatero ena amathamangira kunena kuti ndi majini kapena walodzedwa. Muwerengereni Qur'an, inde, koma muli pa ulendo wopita naye kuchipatala. Ngati mukudziwa kuti kamwedwe kanu kanali kotere, pitani kuchipatala tsiku lomwe mwaganiza zosiya, musadikire zizindikiro. Kuli chipatala cha Kabudula, kuli St Gabriel's ku Namitete, ndipo zikakula amatumiza ku Kamuzu Central. Auzeni zoona: mumamwa chiyani, wochuluka bwanji, munamwa liti komaliza. Pali mankhwala okhazika thupi pansi m'masiku amenewa monga diazepam, komanso vitamini B1 woteteza ubongo, koma ayenera kuperekedwa ndi achipatala, osati kugula pa msika. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso anthu amene akulimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kupita kuchipatala sikuchepetsa tawakkul yanu. Mtumiki (SAW) analamula kufuna mankhwala, ndipo Tariq bin Suwayd (RA) atafunsa zogwiritsa ntchito mowa ngati mankhwala, anayankhidwa kuti mowawo ndiwo matenda. Hadith imeneyi ili m'buku la Muslim. Choncho maganizo oti "ndingolawa pang'ono kuti manja asiye kunjenjemera" akakufikani, dziwani kuti nthawi yopita kwa dokotala yakwana.

Tsopano tibwere pa chibaba chenichenicho. Chikafika chimaoneka ngati sichidzachoka mpaka mutamwa. Koma amene amathandiza anthu osiya mowa amadziwa kuti chibaba chimabwera ngati mvula ya mkuntho: chimayamba, chimakula, kenako chimadutsa, kawirikawiri pasanathe mphindi 30, ngati simukuchidyetsa ndi maganizo kapena kukhala pafupi ndi botolo. Ndiye ntchito yanu si kulimbana ndi moyo wonse wopanda mowa. Ntchito yanu ndi kuoloka theka la ola limeneli. Yang'anani nthawi pa foni, mudziuze kuti, "Sindipanga chiganizo chilichonse mpaka mphindi 30 zithe." Mukatero chitani zinthu izi.

Chokani pamene mwakhalapo. Mtumiki (SAW) anaphunzitsa munthu wokwiya kuti asinthe kakhalidwe ka thupi lake, woimirira akhale pansi, ndiponso kuti apange udhu. Nzeru yomweyi imagwira ntchito pa chibaba. Pitani pa mjigo, pangani udhu ndi madzi ozizira mosathamanga, kenako swalini rakaa ziwiri ndi surah zimene mumazidziwa bwino. Mukamaliza musadzuke msanga, khalani pa mkeka mukuchita istighfaar, mukupuma pang'onopang'ono. Muuzeni Allah m'Chichewa chomwechi zimene mukumva. Amamva.

Idyani kanthu. Njala ndi chibaba zimafanana kwambiri, ndipo thupi limene linazolowera mowa limafuna zotsekemera m'masabata oyambirira. Tiyi wa shuga, nthochi, mbatata yootcha, nzimbe, mtedza wokazinga, madzi ambiri. Musafike madzulo m'mimba muli mbee. Thobwa la lero lilibe vuto, koma limene lagonera mpaka kuyamba kuwawasa lisiyeni, ndipo ngati fungo lake likukukumbutsani masese, lipumitseni kaye. Zakumwa zopatsa mphamvu zija musamwe usiku, zimangoonjezera kusowa tulo.

Gwiritsani ntchito thupi. Kathirireni kudimba, wazani nkhuni, palasani njinga mpaka thukuta lituluke, kasewereni mpira ndi ana a ku madrasa. Kukhala phee pa mkeka foni ili m'manja ndiye kumene chibaba chimanenepera.

Imbirani munthu. Osati gulu lonse la pa WhatsApp, munthu mmodzi amene munagwirizana naye kale. Ngakhale kungomuflasha, iye adziwe tanthauzo lake.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kwa abale amene angolapa kumene: chifukwa cha changu amafuna kuyamba swaumu ya Lolemba ndi Lachinayi sabata yoyamba yomweyo. Niya ndi yabwino, ma shaa Allah, ndipo swaumu idzakuthandizani kutsogoloku. Koma thupi limene likunjenjemera ndi kutuluka thukuta likufunika madzi ndi chakudya. Dikirani likhazikike. Ngati masiku amenewa akumana ndi Ramadhan, kambiranani ndi dokotala komanso Sheikh wanu, poti wodwala ali ndi chilolezo chake mu Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185.

Chibaba chilinso ndi nthawi yake, malo ake ndi anthu ake. Sichibwera mwachisawawa. Tengani kope mulembe masiku atatu okha: chinandigwira nthawi yanji, ndinali kuti, ndinali ndi ndani, m'thumba munali zingati, mumtima munali chiyani. Ambiri mudzapeza kuti ndi kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo mpaka cha m'ma 8, mutaweruka, ndalama ya tsikulo ili m'manja. Ena ndi tsiku la msika. Ena ndi Loweruka pa mpira wa ku England, chifukwa kanema amene mumaonerako ali khomo limodzi ndi bala. Ena ndi pamene mwakangana ndi akunyumba, kapena mavenda akuberani pa sikelo.

Mukaidziwa nthawiyo, itsekeni isanafike. Apa ndi pamene ndimaona nzeru ya ndime ija ya Surat An-Nisaa. Pamene maswahaba analetsedwa kuswali ali oledzera, swala zisanu zinayamba kudula tsiku lawo m'zigawo, mpata womwera n'kumachepa. Inunso Asr, Maghrib ndi Isha zaikidwa pa maola enieni amene mumavutika. Swalini Asr pa jamaa. Pakati pa Maghrib ndi Isha musatuluke mumzikiti: khalani, werengani, sesani, thandizani muadhini kutunga madzi, kapena pemphani wina akuphunzitseni surah imodzi. Mukatuluka Isha, lunjikani kunyumba. Ngati mzikiti uli kutali ndi mudzi wanu, monga zilili kwa ambiri kuno, pezani nyumba ya Msilamu mnzanu yoti muzikaswalira limodzi maola amenewa.

Sinthaninso njira. Ngati njira yachidule imadutsa pa nyumba imene amatcheza kachasu, zungulirani, ngakhale muonjezere mphindi 20. M'hadith ya munthu uja anapha anthu 99, wodziwa amene anamutsegulira khomo la tawba sanangomuuza kuti alape. Anamuuzanso kuti achoke m'dera limene ankachitiramo zoipa, apite kwa anthu opembedza Allah. Mwina simungasamuke pa Nsaru, koma mukhoza kusamuka pa benchi imene munkakhala. Mtumiki (SAW) analetsanso wokhulupirira kukhala pamalo pamene mowa ukuzungulira. Ndiye zoti "ndingokhala nawo ndizimwa Fanta" m'masabata oyambirira ano ayi. Ngati munasiya ngongole komwera, musapite nokha kukakamba nkhaniyo, tumani munthu.

Ndalama nayo isungeni kutali ndi dzanja. Mukagulitsa fodya, soya kapena mtedza, musagone nayo m'thumba. Gulani feteleza, malata kapena mbuzi tsiku lomwelo, yotsala isungitseni kwa mayi anu, akazi anu kapena m'bale wokhulupirika. A kabaza, ndalama ya tsiku muziipereka kunyumba Asr isanakwane, kapena muziitumiza pa Mpamba kaya Airtel Money ya munthu amene mumamudalira. Si uchitsiru kudziteteza kwa iwe mwini. Ndipo chenjerani kuti dzenje limene mowa wasiya lisadzazidwe ndi chamba kapena kubetcha mpira. Qur'an inatchula mowa ndi njuga pamodzi, ndipo zimakoka munthu ndi chingwe chofanana.

Anzanu adzalankhula. "Aise, wasanduka Shehe liti?" "Kamodzi kokha amwene, sikangakuphe." Konzekeranitu yankho lalifupi, osachita kutsegula mtsutso: "Ndinasiya, amwene. Tionana mawa." Basi, n'kumapita. Simukuyenera kuwanyoza kapena kuwalalikira lero. Ena mwa iwo akukuyang'anitsitsani mwakachetechete kuti aone ngati n'zotheka.

Kwa alongo anga amene muli pa nkhondo yomweyi, ndikudziwa kuti kwa inu manyazi ndi owirikiza, ndipo mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa. Zonse ndalembazi ndi zanunso. Pezani mayi mmodzi wosunga chinsinsi, kaya mphunzitsi wa ku madrasa, kaya namwino. Ngati muli oyembekezera, auzeni a sikelo mwamsanga, chifukwa mowa umavulaza mwana ali m'mimba.

Tsopano ndilankhule ndi enafe amene Allah anatiteteza ku mayesero amenewa. M'buku la Bukhari muli nkhani ya swahaba wina dzina lake Abdullah, amene ankamutcha Himar, munthu wanthabwala amene ankaseketsa Mtumiki (SAW). Anagwidwa ndi mowa kangapo n'kulangidwa. Tsiku lina munthu wina anamutemberera chifukwa chobwerezabwereza, koma Mtumiki (SAW) analetsa temberero limenelo n'kumuchitira umboni kuti amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Pa nkhani ina yofanana nayo anachenjeza maswahaba kuti asakhale othandiza Shaytwani pa m'bale wawo. Nanga ife timatani m'bale wotere akalowa mumzikiti? Timasuntha pa swafu. Timanong'onezana. Ena amajambula chithunzi n'kuponya pa gulu. Kenako timadabwa kuti wabwerera kumene amamulandira ndi manja awiri. Ngati wina wakuululirani kuti wasiya mowa, wakusungitsani amana. Musafalitse. Muyendereni madzulo, mudye naye, muperekezeni kuchipatala, yankhani foni yake ngakhale pakati pa usiku. Ndipo musamupatse ndalama m'manja m'masabata oyambirira, mugulireni chinthucho.

Nanga mukaterereka n'kumwa? Allah akutetezeni, koma tiyenera kuikamba. Pali hadith yodziwika yonena kuti swala ya womwa mowa silandiridwa masiku 40. Achinyamata ambiri amaimva molakwika, n'kumati, "Ndiye ndiswalirenji, ndidikire masiku 40 athe." Apa ndi pamene ambiri amatayikira. Ma ulamaa anafotokoza kuti chimene chimachotsedwa ndi malipiro, koma udindo wa swala umakhalapobe, ndipo kuisiya ndi tchimo lina lalikulu. Hadith yomweyo imanenanso kuti akalapa, Allah amalandira kulapa kwake. Choncho mutu ukangoyera, sambani, swalini swala imene yakupezani ndi zimene zakudutsani, lapani, imbirani munthu wanu uja mumuuze zoona. Kenako bwererani ku kope lija mufunse kuti chibaba chinalowera pati, mutseke pamenepo. Masiku amene munakhala osamwa sanafufutike. Thupi lanu linapuma, ndipo mwaphunzira njira imene simunkaidziwa.

Dziwaninso kuti masabata oyambirira tulo timavuta, mtima umapsa msanga, ndipo zinthu zimene zinkakusangalatsani zimaoneka zosakoma. Ubongo umakhala ukuphunziranso kusangalala popanda mowa, ndipo zimatenga nthawi. Zimasintha. Chibaba chimayamba kubwera patalipatali, mphamvu yake n'kumachepa. Koma ngati mtima wafika poganiza zodzipha, musasunge nokha ngakhale usiku umodzi: uzani munthu, pitani kuchipatala.

Musanatseke foni, chitani zinthu zitatu lero lomwe. Sankhani munthu mmodzi woti muzimuimbira, mumuuze. Ganizirani kumene mukhale kuyambira Asr mpaka Isha. Chotsani m'nyumba botolo lililonse, ngakhale lopanda kanthu. Za mawa mudzaziona mawa, in shaa Allah.

Amene muli ndi funso loti simungalembe poyera, tilembereni ku inbox, chinsinsi chanu chisungidwa. Amene mukudziwa m'bale amene akufunika mawuwa, mutumizireni payekha, musamutchule dzina m'makomenti.

Yaa Allah, limbitsani mitima ya abale ndi alongo athu amene asiya mowa chifukwa cha Inu. Apeputsireni maola ovuta, apatseni tulo tabwino ndi anzawo abwino, bisani zofooka zawo ndi zathu, ndipo mutilandire tonse tawba yathu. Ameen.

Wasalaam alaykum warahmatullahi wabarakatuh.